Diresi la Buluu pa Khoma la a Kapyepye

Mlandu umene anandipatsa Lolemba lija unali wa nkhope. Osati nkhope yotupa ndi zibakera, monga tinazolowera pa Mwanza mwezi ukatha, koma nkhope yojambulidwa pa khoma.

Chinali chaka cha 1990, mwezi wa Julaye, nyengo ya manachesi ndi milomo yong'aluka ndi kuzizira. Nkhondo ya ku Mozambiki inali itathamangitsira kwathu kuno anthu osawerengeka, ena m'makampu, ena m'midzi mwa abale. Ine Ursula Mtambalika ndinali nditatha zaka zitatu m'chipolisi, ndipo pa ofesi yathu mkazi ndinali ndekha. Izi zinkatanthauza kuti milandu yonse ya nkhuku, ya mbuzi ndi ya kukanganirana mjigo inkadziwa njira ya ku tebulo langa.

"Pitani kwa a Kapyepye," anatero bwana wanga, a Insipekita Kinsley Mhango, osadzutsa mutu. "Wina wajambula pa khoma la golosale yawo, n'kulembapo mawu a Chipwitikizi. Ndikumufuna munthuyo pofika Lachitatu, nkhaniyi isanakwere kumtunda."

Masiku amenewo mawu olembedwa pa khoma sanali masewera. Nkhani ikakwera kumtunda, mwini wake sankabwerako msanga.

Golosale ya a Aloysius Kapyepye inali m'mbali mwa msewu waukulu, pamene malole a ku Tete ankachepetsa liwiro. Ndinapeza anthu ataunjikana, ndipo nditawakankha pang'ono ndinaona chimene ankayang'ana.

Anali mtsikana wa zaka ngati khumi. Maso aakulu, mpata pakati pa mano akutsogolo, kachipsera kodula nsidze ya kumanzere. Anavala diresi la buluu. Chithunzicho chinali chachitali kuposa ine, choti dalaivala ali m'lole yake achione osasuzumira. M'mbali mwake monse munazungulira mizere itatu yoyenda limodzi, yokhotakhota ngati mtsinje, ndipo pa khota lililonse panali kadontho. Pansi penipeni, wina analemba mizere iwiri ya mawu ndi khala. Chipwitikizi sindinkachidziwa, choncho ndinakopera chilembo chimodzichimodzi m'kabuku kanga. Liwu limodzi lokha ndi limene ndinalizindikira: Chifunga, dzina la kampu ya othawa nkhondo.

"Madamu, iyi ndi sabotaji!" anafuula a Kapyepye, mimba ili patsogolo, makiyi akulira m'chiuno. "Khoma ili ndalipaka laimu mwezi wathawu. Ine mkulu wa mpingo, makasitomala anga aziganiza chiyani? Ndiye si zokhazo. Penti wanga wabedwa!"

"Chitini chonse?"

"Chitini chilipo. Ndinagula kuti Langton andilembere dzina la shopu. Ndakachiona ku shedi kwake m'mawa uno, watsika zala ziwiri."

Ndinalemba, koma mumtima ndinaseka. Wakuba wanji wosiya chitini n'kutapa zala ziwiri?

Mlonda wawo, a Stafford, anali mkulu wa ndevu zotuwa, wovala majuzi atatu. Anayankhula dzanja lili pachifuwa.

"Ine, mayi, tulo ndinasiyana nato kalekale. Dzulo Lamulungu m'mawa ndaweruka khoma lili mbee. Ndabwerera madzulo, ndapeza mwana akundiyang'ana. Ndinachita kumupatsa moni."

"Nanga mawuwa analipo?"

"Iyayi. Mawu ndawaona limodzi ndi inu."

Kusonyeza kuti chithunzicho chinajambulidwa masanasana, pa msewu wodutsa anthu, golosale ili yotseka chifukwa cha mapemphero. Ndinakhudza tsaya la mtsikanayo. Chala changa chinabwerako ndi fumbi lofiira. Ndinakhudza diresi, chala chinabwerako choyera. Diresi lokha ndilo linali la penti, kwina konse linali dothi.

"Mawa m'mawa Langton afufuta zonsezi," anatero a Kapyepye. "Ndipo ngati simukudziwa wakuba wanu, yambani ndi iyeyo."

Langton ndinamupeza kuseri kwa msika, m'shedi ya malata akale. Ndiye amene anajambula mitu yonse ya pa malo ometera a pa Mwanza, mkango wa pa bala, ndi nkhuku ya pa lesitilanti imene anthu ankaitcha mbuzi. Anali wamtali, wowonda, wa pakamwa posakhala chete.

"Chemwali, mwabwera kuti ndikujambuleni? Ndi yunifomuyo, mutuluka bwino kwabasi."

"Dzulo masana munali kuti?"

"Ku mpira. Ndimagwira mbendera. Funsani aliyense, ananditukwana anthu mazana awiri."

"Nanga penti wa a Kapyepye?"

"Penti amauma, chemwali. Amatsika yekha."

"Zala ziwiri, chitini chili chotseka?"

Anakanda m'mutu ndi burashi, n'kuyamba kuyang'ana kudenga. Ndinamufunsa ngati chithunzicho anachiona, ndipo nthabwala zinamuthera.

"Ndachiona. Ine ndatha zaka khumi ndi ziwiri ndikujambula mitu ya anthu. Palibe mutu ndi umodzi womwe umene unandiyang'anapo. Koma uja amakuyang'ana mpaka umafuna kupepesa." Anaika burashi pansi. "Amene anajambula sindimudziwa."

"Koma mawa mukafufuta."

"Ndi ntchito," anatero, mawu ali pansi.

Ndinatuluka ndikudziwa zinthu ziwiri. Langton sanajambule chithunzicho, ndipo ankanama ngati munthu wosazolowera kunama.

Tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi golosale, pankakhala mayi Deliwe ndi milu yawo ya manachesi ndi mbaula yootchera chimanga. Ngati pa Mwanza panagwa singano, iwo ankadziwa mwini wake ndi chimene ankasoka.

"Dzulo? Tsiku lonse ndinali pompano, achemwali anga. Palibe anabwera. Wojambula akanabwera ndikanamuona, si ndimamudziwa Langton ndi makwerero ake? Palibe ndithu. Idyani nachesi ili, n'lotsekemera."

"Palibiretu munthu amene anayandikira khomalo?"

"Palibe. Kupatula mayi uja wozira."

Ndinasiya kusenda nachesi.

"Mayi uti?"

"Aa, wa ganyu basi, mwa obwerawa. Anali ndi beseni la matope ndi kampando. Ine ndimayesa a Kapyepye amutuma kuti azire m'munsi mwa khomamo. Kenaka anabwera malole, ndiye mukudziwa, malole akafika munthu suyang'ananso kwina."

Ndinanunkhiza chala changa chija, ndipo ndinachita manyazi. Linali fungo la kwathu ku Ntcheu, Loweruka m'mawa, amayi akamazira pakhonde. Katondo wofiira, dothi loyera la kudambo, makala osinja. Mizere itatu ija sinali ya burashi, zinali zala zitatu za munthu. Ineyo ndinakula ndi mtsiro m'zikhadabo, koma yunifomu inandiiwalitsa. Tonse tinkafuna mwamuna wa makwerero ndi zitini, pomwe wojambulayo anagwira ntchito yake anthu onse akuona. Mkazi wogwada ndi beseni la matope, ndani amamuyang'ana kawiri?

"Kachiwiri aka kapena kachitatu," anapitiriza mayi Deliwe. "Mwana yemweyu alinso pa chigayo cha kumtunda, ndi pa mlatho wopita kumalire. Kungoti kumeneko diresi lake n'lotuwa."

"Nanga mawu aja analemba ndi mayi yemweyo?"

"Iyayi! Amenewo ndi a lero m'mamawa. Bambo wina wa tayi yakutha, akuti ndi mphunzitsi wa ku kampu. Watsika pa lole, waima apo mpaka ndimati wadwala. Kenaka wandipempha khala la pa mbaula yangayi, walemba, wathamangira lole yake."

Anthu awiri, manja awiri. Wina anafunsa, wina anayankha.

Pafupi nafe panali dalaivala wa ku Tete, dzina lake Zaqueu, akudzaza manachesi m'chipewa. Ndinamupatsa kabuku kanga kuti andiwerengere. Anawerenga kamodzi milomo ikugwedera, n'kutembenukira ku khoma, n'kuwerenganso.

"Senyora, apa akuti: Mtsikana uyu ali moyo. Ali ku Chifunga, kunyumba kwa mayi Gisela."

Mayi Deliwe anagwira pakamwa. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, analibe mawu.

Ndinabwerera kwa Langton chothamanga. Ndinamupeza akusungunula laimu m'ndowa, nkhope ili ngati ya munthu wokumba manda a mbale wake.

"Achimwene, siyani zonama. Mayi uja ali kuti?"

"Mayi uti? Ine ndanena kale..."

"Mawu a pansi pa chithunzi aja munawaona?"

"Ndawaona. Ndi amene andiopsa. Chipwitikizi ine n'chiyani? Ndimati wina akufuna kumuika m'mavuto."

Ndinamuuza zimene mawuwo ankanena. Mtengo wotakasira laimu unagwera m'ndowa, ndipo anakhala pansi pa dothi pomwepo.

"Dzina lake ndi Laurentina," anatero. "Ndinaona chithunzi cha pa chigayo, ndinamufunafuna milungu iwiri. Ndimafuna andiphunzitse maso aja. Iye anangondipempha chinthu chimodzi. Akuti dothi limapereka chofiira, choyera, chakuda, chachikasu, koma buluu mulibe m'nthaka. Mwana wake anasowa atavala diresi la buluu. Akuti mwina anthu sakumuzindikira chifukwa cha diresi. Ndiye ndinamutapira m'kachitini ka nsomba. Mundimange ine, chemwali, wakuba ndine."

"Zomanga tiziona. Ali kuti?"

Anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu.

"Mayo! Anati chithunzi chija n'chomaliza. Akuti watopa kudikira, abwerera kwawo kudzera m'mapiri akamufune yekha. Akunyamuka lero, akangomaliza kuzira nyumba ya amene amamusunga ku Kanduku!"

Njira za m'mapirizo tinkazidziwa tonse. Anthu ankabwera nazo, koma obwerera nazo sitinkamvanso mbiri yawo.

Galimoto ya ku ofesi inali itapita kumalire. Ndinakwera pa kaliyala ya njinga ya Langton, chipewa cha boma ndili nacho m'manja, ulemu wonse wa chipolisi nditausiya pa msika. Pa zitunda tinkatsika n'kumakankha, potsetsereka ndinkatseka maso. Langton sanayankhule njira yonse, chinthu chimene anthu a pa Mwanza sakhulupirira mpaka lero.

Tinafika dzuwa litapendeka. Nyumbayo sitinachite kufunsa. Khonde lake linali lonyowa, lozira kumene, ndipo m'munsi mwa khoma munkayenda mizere itatu yokhotakhota, kadontho pa khota lililonse. Pakhomo panali kamtolo komanga m'chitenje. Mayi wina wamng'ono thupi, wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, ankasamba m'manja m'beseni.

Ataona yunifomu yanga sanathawe. Anayang'ana Langton, osati mokwiya, koma ngati womumvera chisoni. Kenaka anaimirira n'kutambasula manja onse awiri, matope akudontha m'zigongono.

"Ndine, senyora. Uyu musamumange. Ndinachita kumupempha."

"Tsitsani manja, mayi. Mtsikana uja ndani?"

"Nilda. Mwana wangu." Chichewa chake chinali chosakanikirana ndi Chinyungwe, koma chinkamveka. "Tinathawa pamodzi kumudzi. Pa mtsinje panali anthu ambiri, mfuti kumbuyo. Ndinamugwira dzanja ili. Tawoloka, ndayang'ana, ndagwira mwana wa munthu wina."

Anayang'ana dzanja lakelo kwa kanthawi.

"Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Tsopano zapita zinayi. Chithunzi cha kamera ndilibe, kulemba sindidziwa. Maofesi ndapita, amandifunsa dzina, amalemba, amati dikirani. Ndiye ndinati, chimene ndidziwa ine n'kuzira. Chaka chilichonse ndimamukulitsa pang'ono, kuti asakhale mwana pa khoma pomwe iye akukula. Ndimayang'ana nkhope yanga m'madzi, ndimachotsako mavuto, amatsala iyeyo."

Ine ndine wapolisi, ndaona zambiri, koma zotere ndinali ndisanazimvepo. Ndinatsegula kabuku kanga kuti ndipeze poyang'ana.

"Lero m'mawa mwapitako ku golosale kuja?"

"Iyayi. Ndinaopa."

"Wina wakuyankhani pa khoma lanu lija."

Sindinafune kumuuza m'Chichewa. Ndinafuna amve monga analembera mwini wake, choncho ndinawerenga Chipwitikizi changa chothyokathyoka, chilembo ndi chilembo: "Esta menina está viva."

Sanalire. Anati, "Bwerezani." Ndinabwereza, n'kuwerenganso mzere wachiwiri. Anati, "Bwerezaninso." Nditawerenga kachitatu anakhala pa khonde lonyowa lija n'kuwononga ntchito yake yonse ya tsiku limenelo. Langton anatembenukira ku mtengo wa mango, akuti m'maso mwalowa laimu.

Lachiwiri m'mawa ndinaima pamaso pa a Mhango n'kunena zonse, osabisa ngakhale za kachitini ka nsomba. Ndinkaopa, chifukwa lamulo ndi lamulo, ndipo bwana wanga sanali munthu woseka. Anawerenga kabuku kanga nthawi yaitali.

"Ndiye mawu oopsa aja ndi amenewa?"

"Ndi amenewo, bwana."

"Mboni imodzi sikwanira," anatero, akutsegula kabati. Anatulutsa makiyi a galimoto n'kuwaika pa tebulo. "Pitani ku Chifunga mukatsimikize umboniwu. Woganiziridwayo mupite naye, angathawe."

Podutsa pa golosale tinapeza a Kapyepye akukalipira Langton, amene anaima ndi ndowa ya laimu ngati sakumva Chichewa. Laurentina anapempha kuti tiime. Anatsika, anagwada pa fumbi, n'kupepesa chifukwa cha khoma ndi penti. Nkhani yonse inali itawafika kale, poti mayi Deliwe mawu anali atawabwerera. A Kapyepye anayang'ana mayiyo, anayang'ana mtsikana wa pa khoma, makiyi a m'chiuno ali zii.

"Dzukani, mayi, mukundichititsa manyazi pa anthu," anatero. "Iwe Langton, ukuyang'ana chiyani? Laimu ameneyo kapake kuchimbudzi."

Ulendo wa ku Chifunga unali wa fumbi ndi mabampu. Laurentina anakhala pakati pa ine ndi dalaivala, kamtolo kake kali pamiyendo. Titayandikira anandigwira mkono.

"Senyora, nanga akakhala wina? Ana a mpata m'mano ndi ambiri."

Inenso funso lomwelo linkandidya, ndipo ndinkaopa kuti mwina ndamuchotsa pa njira ya m'mapiri kuti ndikamuphe ndi chisoni pa kampu.

Kampuyo inali mudzi waukulu kuposa boma lathu, tinyumba ta udzu tofanana tokhatokha, mizere ndi mizere mpaka kutsidya kwa chitunda. Mphunzitsi uja tinamva kuti wapita ku msonkhano. A Gisela tinauzidwa kuti alipo anayi. Woyamba anali nkhalamba yokhala yokha. Wachiwiri anali ndi ana aamuna okhaokha. Tikupita kwa wachitatu, ndinazindikira kuti ndikuyenda ndekha.

Laurentina anali ataima kumbuyo, pa kanjira kena, akuyang'ana kanyumba kamene sitinalozeredwe n'komwe.

"Iyi," anatero.

"Mayi, atiuza kuti ndi kutsogoloku."

"Ndi iyi."

Ndinabwerera. M'munsi mwa khoma la kanyumbako munkayenda mizere itatu yokhotakhota, yopyapyala, ya zala zing'onozing'ono. Pa khota lililonse panali kadontho.

Mayi wina wonenepa anatuluka akupukuta m'manja. Ndinamufunsa dzina, anati Gisela. Ndinamufunsa amene anazira khomalo.

"Mwana wanga," anatero, kenaka anayang'ana Laurentina, nkhope n'kusintha. Anapitiriza motsitsa mawu. "Ndinamutola pa mtsinje. Wanga ndinamutaya pomwepo. Chaka choyamba sankayankhula, ankangojambula zimenezi pa dothi. Aphunzitsi anandiuza dzulo za chithunzi, sindinadye."

Azimayi awiriwo anayang'anana, ndipo ndinamvetsa kuti a Gisela akuganiza kuti mwina mwana amene Laurentina anawoloka naye atamugwira dzanja anali wawo. Koma Laurentina anapukusa mutu pang'onopang'ono, funso lisanafunsidwe. Anati uja anali mnyamata, ndipo anapeza amake tsiku lomwelo. A Gisela anagwedeza mutu, anapukuta m'maso ndi chitenje, n'kuitana okha.

"Nilda! Tabwera kuno."

Kuseri kwa nyumba kunatuluka mtsikana atasenza ndowa, atavala malaya otuwa a m'kampu. Maso aakulu, kachipsera pa nsidze. Ndinamva ngati khoma la a Kapyepye latsika n'kuyamba kuyenda. Anatula ndowa, anapereka moni mwaulemu kwa ine, kenaka kwa mlendo winayo, monga mwana woleredwa bwino amachitira ndi anthu osawadziwa.

Ndinaona moniwo ukumulasa Laurentina. Koma sanamukumbatire, sanafuule. Anagwada pafupi ndi ndowa ija, anaviika zala zitatu m'madzi, n'kukoka mizere yokhotakhota pa dothi louma la pabwalo. Anasiya osaika timadontho, n'kubweza dzanja.

Mtsikanayo anayang'ana mizereyo nthawi yaitali. Kenaka anagwada, anaviika chala chimodzi m'ndowa, n'kuyamba kuika kadontho pa khota loyamba, lachiwiri, lachitatu. Pa lachinayi anaima. Sanadzutse mutu.

"Madontho inali ntchito yanga," anatero chapansipansi. "Munkati zala zanga n'zazing'ono."

"Zakula," anatero Laurentina.

"Mama, munandisiya dzanja."

"Sindinasiye, mwana wangu. Zaka zinayi, sindinasiye."